Za Pakamwa pa Mkristu m'Nyumba ya Mulungu



Ulipo mlandu umene sukutha m'mabanja mwathu masiku ano, ndipo ubuka kawiri-kawiri pa tsiku la Mulungu, anthu atabwerako ku mapemphero, nsima isanapse. Akulu ati: m'chalichi mwachuluka phokoso, ana ali kubvina ngati pa ukwati, limba lilira kosalekeza, ndipo munthu sapezanso mpata wakulankhula ndi Mulungu mumtima mwake. Anyamata ndi asungwana ati: iai, m'chalichi mwathu muli kuzizira, atimanga manja ndi miyendo, tiyeni kwa anzathu a mipingo yatsopano, kumene munthu apemphera mopfuula monga afuna mwini wake. Tsono atate akwiya, mwana aumitsa khosi, amai angokhala chete pakati pao. M'nyumba zina mwana adachokadi, kotero kuti a banja limodzi sagwadanso pamodzi.

Nchifukwa chake ndati ndilembe mau awa, ine nkhalamba yobadwira pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo, imene zaka zake zapitirira 70. Pakuti ndidaona ndi maso anga m'mene pakamwa pa Mkristu wa kuno padatsekukira pang'ono-pang'ono, ndipo mtengo wake ndiudziwa. Akulu ndi ana omwe, mukamva kumene ufulu umenewu udachokera, kapena mudzaleka kulimbirana, nimuyamba kuusunga.

Kumene tidaphunzira kukhala chete

Ambiri a ife a kuno ndife ana a Alomwe. Makolo athu adatuluka ku Mozambique kuyambira zaka zotsiriza za m'ma 1800 kufikira m'ma 1930, ali kuthawa msonkho wowawa ndi nchito yokakamiza ya Apwitikizi. Ena adaoloka Ruo, ena adazungulira phiri la Mulanje, atabereka ana ndi kusenza mbeu. Pofika kuno adapeza dziko lili m'manja mwa Azungu eni maesiteti. Tiyi adayamba kubzalidwa ku Mulanje mu 1891, nafika ku Thyolo mu 1908 pa Bandanga, ndipo m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 zitunda zathu zidabiriwira naye monga muziona lero. Mlendo wofuna malo akumangapo nyumba adaalandira ndithu, koma pa mtengo wa thangata, ndiko kugwirira nchito mwini malo m'malo mwa lendi, makamaka nyengo ya dzinja, pamene munda wake womwe uli kufuna khasu. Wokana adali kumgwetsera nyumba ndi kumpitikitsa. Nchito ya thangata idathetsedwa ndi lamulo mu 1962.

Munthu wokhala pa malo a mwini aphunzira msanga kusunga pakamwa. Pamaso pa kapitao sayankha. Dengu lake la masamba likapepuka pa sikelo, sadandaula. Akamtukwana, ayang'ana pansi. Pamwamba pa izi, makolo athu adapatsidwa dzina lachipongwe lakuti Anguru, kufikira Lewis Bandawe ndi anzake adaimika bungwe la Alomwe mu 1943, ndipo Boma lidabvomera kuleka dzinalo. Koma manyazi adali atalowa kale m'mitima, kotero kuti ambiri adabisa chinenero chao, osachiphunzitsa kwa ana.

Amai anga adali othyola tiyi. Mapemphero onse a m'katekisimu adawadziwa pamtima m'Chinyanja, ndipo sadaphonye ndi liu limodzi lomwe. Koma usiku, ife ana titagona pa mphasa, ndidali kuwamva ali kunong'ona nthawi yaitali m'Chilomwe, mwina ndi misozi. Tsiku lina ndidawafunsa kuti: "Amai, kodi mulankhula ndi yani?" Iwo adati: "Ndi Mulungu, mwanangu." Ndidati: "Nanga bwanji simutero m'chalichi?" Adayankha nati: "Kujaku ndinena mau amene adandipatsa, kuno ndinena anga." Mau amenewa sadandichoke m'mutu kufikira lero.

Misa ya masiku aja

Abambo a chipani cha Montfort adafika m'dziko muno mu 1901, namanga misioni yao yoyamba ku Nzama. Mu 1903 adatsegula Nguludi, ndipo Mau a Mulungu adafalikira pang'ono-pang'ono ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi kuno ku Thyolo. Ambuye Louis Auneau adaweta chigawo chino cha Shire pafupi zaka 40 kuyambira 1910, ndipo m'nthawi yao Alomwe ambiri adalowa mu Eklezia. Anthu amenewa tisawaiwale, ndiponso tisawanyoze. Adasiya kwao ku France ndi ku Holland, naphunzira chinenero cha kuno, natimangira masukulu, ndipo ena adagona m'manda a dziko lino asanakalambe.

Koma Misa imene ine ndidaiona ndili mwana idali yosiyana ndi ya lero. Kwathu wansembe adali kufika pa njinga yamoto kamodzi pa mwezi, mwina pa miyezi iwiri. Masabata ena onse mphunzitsi ndiye adatsogolera mapemphero. Pochita Misa wansembe adali kuyang'ana ku guwa atatifulatira, nanena mapemphero m'Chilatini, ena mokweza, ena monong'ona, ndipo ana otumikira adayankha m'malo mwa ife tonse. Ife tidali kupemphera kolona, kapena kuimba nyimbo za mau a Chinyanja koma maimbidwe a ku Ulaya. Ng'oma sidayandikire pakhomo; nthungululu sidamveke; kuomba m'manja kudali kwa kunja. Mkristu wopezeka ku magule ena adali kuimitsidwa ku masakramenti kufikira atalapa poyera.

Kodi ansembe aja adachita izi chifukwa cha nkhanza? Iai. Kwa makolo athu ng'oma idali kulira pa nsembe za mizimu, pa chinamwali ndi pa mowa, ndipo abambo adaopa kuti Mkristu wobatizidwa dzulo, akamva kulira kwake, mtima ubwerera kumene udachokera. Boma nalonso, chichitikire nkhondo ya John Chilembwe mu Januwale 1915, pamene chalichi cha ku Nguludi chidatenthedwa, lidali kuyang'ana ndi diso lokaika munthu wakuda ali yense wosonkhanitsa anzake kukapemphera popanda Mzungu womuyang'anira.

Mu Misa ija mudali zabwino zimene akulu sanama akamazikumbuka. Mudali ulemu, mudali bata, ndipo munthu polowa adadziwa kuti walowa pa malo oyera. Koma kukhala chete kwathu kudali kwa mitundu iwiri yosanganikirana: kwina kudali ulemu kwa Mulungu, kwina kudali mantha amene tidabwera nao kuchokera ku munda wa tiyi, ndipo ife eni ake sitidathe kusiyanitsa ziwirizi. Ambiri adagwada pamaso pa Atate ao a Kumwamba monga adali kuimira pamaso pa kapitao. Ichi ndicho chidasowa mankhwala.

Ng'oma ilowa m'chalichi

Mankhwalawo adachokera kwa Eklezia mwini. Mu 1955 Papa Pius XII adalangiza amishoni kuti asanyoze chikondi cha nyimbo chimene mitundu ya anthu ili nacho, koma achitembenuze kuti chiimbire Mulungu. Mu 1958 ku Kamina, m'dziko la Congo, anyamata a Bambo Guido Haazen adaimba Misa ya mau a Chilatini ndi maimbidwe ndi ng'oma za kwao, imene idachuka pa dziko lonse ndi dzina lakuti Missa Luba. Pambuyo pake Aepiskopi a dziko lonse adasonkhana ku Roma pa Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, kuyambira 1962 kufikira 1965. Ndipo pa 4 Disembala 1963 adatulutsa malamulo a chipembedzo, olola zinenero za anthu mu Misa, olamula kuti anthu onse azitengako mbali ndi mau ndi mtima, ndiponso kuti nyimbo za mitundu ya m'maiko a misioni zilemekezedwe ndi kupatsidwa malo oyenera.

Chaka chotsatira, pa 18 Okotobala 1964, pamene Papa Paul VI adalemba Amaritiri 22 a ku Uganda m'buku la Oyera, ng'oma za ku Uganda zidalira m'chalichi chachikulu cha Petro Woyera ku Roma. Mu 1969 Papa yemweyo ali ku Kampala adauza Aepiskopi a Africa kuti aloledwa, ndipo ayenera, kukhala ndi Chikristu cha nkhope ya Africa. Kuno kwathu nakonso abusa adali atayamba kutuluka mwa ife tomwe: Bambo Cornelio Chitsulo adadzozedwa wansembe woyamba wa Katolika wa dziko lino mu 1937, nakhala Episkopi ku Dedza patapita zaka 20, Ambuye James Chiona adakhala Arkiepiskopi wa Blantyre mu 1967. Ku Mua, Bambo Claude Boucher adayamba Kungoni mu 1976, malo osungirako ndi kuphunzirirako miyambo ya makolo.

Koma lamulo lolembedwa ku Roma ndi chinthu china, kulilandira m'kachalichi ka udzu nchinanso. Ndikumbukira tsiku limene ng'oma idalira koyamba kwathu, ine ndili mnyamata wa m'kwaya. Amai ambiri nkhope zidawala, ndipo agogo ena adangozindikira mapewa ali kugwedezeka okha. Koma mkulu wina, mmodzi wa obatizidwa oyamba a m'mudzi mwathu, adaimirira natuluka, chipewa chili m'manja. Iyeyu pa unyamata wake adali katswiri wa ng'oma, ndipo pofuna ubatizo adatentha ng'oma zake zitatu pamaso pa anthu. Atatha mapemphero adafunsa mphunzitsi poyera nati: "Aphunzitsi, mudandiuza kuti chinthu ichi ncha Satana, ndipo ndidachitentha. Lero mwachiika pafupi ndi guwa. Tandiuzani, adanama ndani, a dzana kapena a lero?"

Mphunzitsi adakhala chete kanthawi, nayankha nati: "Agogo, ng'oma ndi mtengo ndi chikopa, monga pakamwa ndi lilime ndi mano. Pakamwa pamene mudali kuitana napo mizimu ndi pomwepo mudanena napo Kumbukira ndi Atate Athu mutabatizidwa. Tsono ng'oma nayo yabatizidwa lero. Nsembe yanu ija Mulungu adailandira, ndipo siidatayike. Pakuti akadapanda kukhalapo anthu otentha ng'oma chifukwa cha Kristu, sakadapezeka oimbira Kristu ng'oma."

Mkuluyo sadayankhe. Masabata angapo adamvera mapemphero ali panja pa zenera, ndipo pambuyo pake adalowanso nakhala pa malo ake akale. Kufikira imfa yake sadaombe m'manja ndi kamodzi komwe, koma sadajombenso ndi tsiku limodzi. Ndipo padalibe munthu womkakamiza kapena womseka. Ife tidaimba ng'oma, iye adagwada chete, tonse m'nyumba imodzi. Ndiyesa kuti m'mudzi mwathu ufulu sudakhalepo wangwiro koposa masiku amenewo.

Kalata ya Lenti

Tsono taonani chodabwitsa. Zaka zomwezo zimene miyendo ndi manja zidamasuka m'chalichi, lilime lidamangidwa m'dziko lonse. Mu 1966 dziko lidakhala la chipani chimodzi. Mu 1967 a Mboni za Yehova adaletsedwa, ndipo pa zaka zotsatira zikwi za iwo zidathawira ku Zambia ndi ku Mozambique chifukwa chokana khadi la chipani. Mu 1971 Dr Banda adakhala Pulezidenti wa muyaya. Ku Lilongwe Ambuye Patrick Kalilombe adalimbikitsa miphakati pa sinodi ya 1973 kufikira 1975, kuti Akristu azisonkhana m'midzi ndi kukambirana Mau a Mulungu okha. Boma lidakaikira misonkhano yotere, ndipo iwo adakakamizika kuchoka m'dziko. Ife tidabvina, tidaimba, tidaliza nthungululu, ngakhale pamene Papa John Paul II adatichezera mu Meyi 1989. Koma pa mapemphero a Akristu onse padalibe wolimba mtima kupempherera mokweza mbale wake wotsekeredwa popanda mlandu, pakuti sudadziwe amene wagwada pambali pako.

Pa 8 Marichi 1992, tsiku la Mulungu loyamba la Lenti, kalata ya Aepiskopi athu idawerengedwa m'machalichi a Katolika a dziko lonse. Idasindikizidwa ku Balaka, makope 16,000, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Idanena za phompho lokulira-kulira pakati pa olemera ndi osauka; za malipiro osakwanira kudyetsa banja; za mitengo yochepa yogulira mbeu za alimi; za masukulu odzaza ndi zipatala zosowa; za ziphuphu ndi tsankho; za anthu otsekeredwa popanda kuweruzidwa; za oletsedwa kulowa mu msika kapena kukwera basi chifukwa cha khadi; ndiponso za mantha amene adagwira anthu kuti asanene zimene ali kuganiza.

Ine ndidali m'chalichi tsiku lija. Poyamba mudali zii, ndipo ena adayang'ana ku khomo kuona ngati kuli apolisi. Koma atafika pa mau a malipiro, amai wina wothyola tiyi, amene manja ake adali ong'ambika ndi nchito, adaliza nthungululu yekha. Ndipo posachedwa chalichi chonse chidaomba m'manja. Mudalibe chachilendo m'kalatamo, pakuti zonse tidazidziwa kale, ndipo tidali kuzinong'ona m'nyumba zathu usiku. Chachilendo chidali kuzimva zili kunenedwa mokweza, masana, pamaso pa guwa.

Mtengo wake udali wowawa. Pa 10 Marichi Aepiskopi adaitanidwa ku polisi ku Blantyre nafunsidwa maola ambiri. Kalatayo idaletsedwa, kotero kuti kupezeka nayo kudali mlandu. Ambiri adaibisa m'tsindwi ndi pansi pa mphasa. Nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka idaikidwa moto. Mu Epulo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adapitikitsidwa m'dziko. Mu Meyi anchito adanyanyala ku Blantyre ndi ku Limbe, ndipo mwazi udakhetsedwa. Koma mau adali atatuluka, ndipo sadabwererenso. Pa 14 Juni 1993 anthu adasankha zipani zambiri, pafupi awiri mwa atatu ali onse. Pa 17 Meyi 1994 padachitika chisankho. Ndipo lero malamulo akulu a dziko, pa ndime 33 ndi 35, achinjiriza ufulu wa chipembedzo ndi ufulu wakulankhula.

Talingalirani ichi, abale anga. Kalata ija ikadawerengedwa m'Chilatini, sakadamangidwa munthu, ndipo sakadamasukanso munthu. Idagwedeza dziko chifukwa idanenedwa m'chinenero chimene wothyola tiyi amva, kwa anthu amene pa zaka zoposa 20 adazolowera kuyankha ndi pakamwa pao m'nyumba ya Mulungu. Nthungululu ya amai aja idaphunzira kulira pa Aleluya isanalire pa chilungamo. Tsono inu akulu, musanene kuti ng'oma ndi chibwana chabe. Ndipo inu ana, musayese kuti ufulu wonse uthera pa ng'oma.

Makomo amene akali otseka

Kodi tsopano zonse zatha? Ine nditi iai, ndipo ndichula zitatu zimene ndiziona.

Choyamba ndi chinenero cha agogo athu. Mu 1968 Chichewa chidaikidwa kukhala chinenero cha dziko lonse, ndipo chidatigwirizanitsa. Koma Chilomwe chidapitirira kufota, kotero kuti lero m'midzi yambiri ya kuno ana sachimva. Gule wa Tchopa adalembedwa ndi UNESCO mu 2014 pa mndandanda wa chuma cha miyambo ya anthu onse, ndipo tidakondwa. Koma agogo amene ali kulota m'Chilomwe akali kuchita manyazi kupemphera nacho pamaso pa anthu. Pa mphakati panu, ikafika nthawi ya mapemphero a ali yense, apempheni agogo kuti anene lao m'chinenero cha mai wao, ndipo wina amasulire ana. Palibe lamulo loletsa, ndipo Mulungu safuna womasulira.

Chachiwiri ndi mantha a wosauka pamaso pa wolemera. M'machalichi a pa maesiteti zichitika kuti wapampando wa bungwe la chalichi ndi yemweyo amene alemba matikiti a nchito Lolemba. Nanga wothyola tiyi adzaimika bwanji dzanja kufunsa za ndalama za chopereka, podziwa kuti mawa adzaima pa mzere pamaso pa munthuyo? Inu amene Mulungu adakukwezani pa nchito, bvulani ukapitao wanu pakhomo pa chalichi monga mubvula chipewa. Yambani ndinu kufunsa maganizo a wamng'ono, ndipo musamsungire kanthu kukhosi. Chimodzi-modzi nyengo ya chisankho, akabwera andale ndi matumba a simenti, landirani mphatso ngati ili yoyera, koma guwa lisasanduke nsanja ya msonkhano. Pakuti mpingo wogulidwa sudzatha kulembanso kalata yonga ija.

Chachitatu chidzadabwitsa anyamata. Masiku ano m'machalichi ambiri muli limba la magetsi ndi zokuzira mau zazikulu. Sindidana nazo. Koma zikalira kopitirira muyeso, ndipo kwaya ikasankha nyimbo zatsopano sabata ndi sabata zimene anthu sazidziwa, mpingo ungokhala kuonerera. Pamenepo tabwerera kumene tidachokera: ochepa ali kuimba, ochuluka ali chete. Limba lotere lasanduka Chilatini chatsopano. Kwaya siidaikidwe kuti iimbire anthu, koma kuti iwatsogolere. Ndipo ikamva kuti amai a kumbuyo saimba, idziwe kuti yalephera, ngakhale mau ake akhale okoma chotani.

Malire a ufulu

Mtsinje wopanda magombe ndi dambo chabe. Msonkhano womwe uja umene udatitsegulira pakamwa udanenanso kuti munthu ali yense, ngakhale wansembe, asaonjezere kapena kuchotsa kanthu mu mwambo wa Misa mwa kufuna kwake. Udalamulanso kuti pa nthawi yake pazikhala bata loyera. Misa si ya munthu mmodzi: ndi nsembe ya Kristu ndi pemphero la Eklezia yense. Ngakhale a ku Zaire, amene Misa yao ya magule idabvomerezedwa ndi Roma mu 1988, sadaipange ali yense payekha, koma Aepiskopi ao adaikonza zaka zambiri. Paulo Woyera naye, polembera Akorinto amene adali kulankhula onse nthawi imodzi, sadawatseke pakamwa, koma adawalangiza kuti azilankhula mmodzi-mmodzi, mwa dongosolo, ndi zomangirira anzao.

Tsono muyeso ndi uwu: kodi chimene ndichita chili kuthandiza mnzanga kupemphera, kapena chili kumchititsa kuyang'ana ine? Kubvina kopereka mphatso ku guwa nkwabwino. Kubvina kodzionetsa kulandira mphotho yake pomwepo. Kupemphera mokweza ndi misozi kuli ndi malo ake. Gulu la Akarisimatiki, limene lidayamba pakati pa ophunzira a Katolika ku America mu 1967, Eklezia adalilandira, ndipo mnyamata wofuna mapemphero otentha sayenera kuchoka pakhomo pa mai wake kuti akawapeze. Koma pamene wansembe akweza Thupi la Ambuye, ng'oma ndi lilime zidziwe Mwini wake.

Malembo Oyera atipatsa zitsanzo ziwiri. Mfumu Davide adabvina ndi mphamvu zake zonse patsogolo pa Bokosi la Chipangano, ndipo mkazi wake Mikala, poyang'ana pa zenera, adampeputsa mumtima. Hana adapemphera m'nyumba ya Mulungu milomo yokha ili kugwedera, mau osamveka, ndipo wansembe Eli adamuyesa woledzera. Wobvina adanyozedwa, wonong'ona adanamiziridwa. Koma onse awiri Mulungu adawamvera. Olakwa adali oweruzawo.

Mau otsiriza kwa mabanja

Inu atate ndi amai, mwana wanu akabvina pamaso pa Mulungu, musakhale Mikala. Muuzeni kumene ufuluwo udachokera, ndipo mumphunzitsenso kugwada. Inu anyamata ndi asungwana, agogo anu akakhala chete manja ali pa chifuwa, musakhale Eli. Simudziwa chimene adatentha chifukwa cha Kristu inu musanabadwe. Amene mwana wanu adapita kale ku mpingo wina, musamtsekere chitseko kapena kumtukwana. Mfunseni mofatsa chimene adasowa kuno, ndipo mau akewo mukawatule ku mphakati, pakuti kapena muli choona m'menemo chimene tonse tiyenera kuchimva.

Ndipo ufulu umenewu uyambe m'nyumba. Madzulo, mutatha kolona kapena mapemphero a m'buku, musafulumire kuyala mphasa. Lolani ali yense, kuyambira agogo kufikira mwana wa sitandade 1, anene liu lake kwa Mulungu: wina kuthokoza, wina kupempha, wina kudandaula za mvula, za sukulu, za malipiro, za matenda. Wachibwibwi musamseke, wochedwa musamdule. Mwana wozolowera kunena zoona kwa Mulungu pamaso pa makolo ake sadzaopa kuzinena pamaso pa anthu, ndipo adzadziwanso nthawi yakukhala chete.

Amai Maria, amene adasunga zambiri mumtima mwake, naimbanso mokweza m'nyumba ya Elizabeti, atipempherere kuti tidziwe ziwiri zonsezi. Mundikumbukire inenso m'mapemphero anu. Mulungu adalitse mabanja anu, minda yanu ndi nchito ya manja anu.